ZA M'MIMBA MWA MPHEMVU

Phunziro la mafumu, nyakwawa ndi alimi onse a m'midzi

1. MAU OYAMBA

Palibe nyumba m'midzi mwathu imene mphemvu siidziwa khomo lace. Tiziona usiku poyatsa nyali, ziri kuthamanga pa mtsuko ndi pa miphika, ndipo mmawa tipeza zitosi zao zakuda m'licero ndi m'dengu la ufa. Popeza siziluma monga nsikidzi, ndiponso siziboola cimanga monga anankafumbwe, anthu ambiri aziyesa zopanda mlandu, nazileka. Munthu wosauka pofuna kunena za umphawi wace amati, "Ine ndine mphemvu, mdyera ku mthiko." Mau awa ali oona, pakuti mphemvu idyadi ku mthiko. Koma munthu wanzeru ayenera kufunsanso kuti, Kodi isanafike ku mthikowo inadya kuti?

Anthu ophunzira anatumbula mphemvu zambiri, napenya za m'kati mwace ndi galasi lokuza zinthu, longa lija ayesera nalo magazi ku cipatala. Cimene anapeza ndi ici: m'mimba mwa mphemvu muli mudzi waukuru wa tizirombo tosaoneka ndi maso. M'mudzimo muli eni ace, ndipo muli alendo ongopitirira. Eni mudzi ndiwo apatsa mphemvu mphamvu ya kukhala ndi moyo pa zinyalala zopanda pace. Alendowo ndiwo adwalitsa ana athu ndi nkhuku zathu. Mlimi akazindikira magulu awiri amenewa adzadziwa cifukwa cace mphemvu sizitha ndi kuziponda kokha, nadzadziwanso pamene ayenera kuikapo mphamvu zace.

2. MITUNDU ITATU YOYENERA KUIDZIWA

Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya mphemvu yoposa 4,000, koma yambiri ikhala m'thengo, pansi pa masamba ndi m'mitengo yoola, ndipo siibvuta munthu. Mitundu yolowa m'nyumba za anthu iri ngati 30 yokha. Pa mitundu imeneyi tinena za itatu.

Woyamba ndi mphemvu yaikuru yofiirira, yotalika masentimita 4, imene nthawi zina iuluka usiku wotentha. Dzina lace la m'mabuku ndi Periplaneta americana, koma kwao kweni kweni ndi kuno ku Africa. Ku America inafika ndi zombo. Ikonda malo a cinyontho ndi a mdima, ndipo nyumba yace yaikuru ndi dzenje la cimbudzi. Yaikazi iikira mazira m'kathumba kolimba konga mbeu ya nyemba, ndipo m'kathumba kamodzi mumakhala mazira 14 kapena 16.

Waciwiri ndi mphemvu yaing'ono yotuwa, ya mizere iwiri yakuda kumbuyo kwa mutu, Blattella germanica. Iyi ikhala pafupi ndi moto ndi cakudya, m'ming'alu ya khoma, m'madengu ndi m'mabokosi. Kathumba kace kali ndi mazira 30 kufikira 40, ndipo maiyo ayenda nako ku mcira kufikira mazira ali pafupi kuswa. M'miyezi iwiri kapena itatu anawo ayambanso kubala.

Wacitatu ndi mphemvu ya m'nthaka, yakuda ku mutu, Pycnoscelus surinamensis. Iyi ikumba m'dothi lofewa, m'manyowa ndi pansi pa makola a nkhuku m'maiko otentha, ndipo yaikazi ibala popanda yaimuna.

3. MAPANGIDWE A MIMBA YACE

Mai ali yense amene anatumbulapo nkhuku akhoza kumvetsa mimba ya mphemvu, pakuti zifanana. Cakudya cikalowa m'kamwa cifika poyamba m'cithokomiro, momwe cisungika. Kucoka apo cilowa m'kanthutumba kokhala ndi mano asanu ndi limodzi olimba, opera cakudya monga nkhuku ipera ndi timiyala. Pambuyo pace pali matumbo apakati, amene atenga zokoma za m'cakudya kuti zilowe m'thupi. Potsiriza pali matumbo a kumapeto, otakasuka ndi osowa mpweya m'kati mwace. Umo ndimo muli mudzi waukuru wa tizirombo uja.

Pali makhalidwe atatu a mphemvu amene tiyenera kuwakumbukira. Loyamba, siisankha cakudya: idya nsima, madeya, mapepala, sopo, tsitsi, ndowe, zitosi za nkhuku, makhololo a wodwala ndi zonyansa za munthu. Laciwiri, ikonda kudzinyambita: ipititsa miyendo ndi tinyanga tace m'kamwa kuti izipukute, ndipo potero dothi lonse limene inaponda litsirizira m'mimba. Lacitatu, pakudya ibzikula timadzi ta m'cithokomiro, ndipo isiya zitosi zace pamalo pomwepo pamene iri kudya. Cotero cimene inameza ku cimbudzi madzulo cikhoza kuturukira pa nsima pakati pa usiku.

4. ENI MUDZI

Ocuruka koposa onse ndi mabakiteriya a m'matumbo a kumapeto, amene ali a mitundu mazana ambiri. Nchito yao ifanana ndi ya tizirombo ta m'cifu ca ng'ombe. Ng'ombe payokha siikhoza kugaya udzu. Tizirombo ta m'cifu ndito tisasitsa udzuwo, monga cimera cisasitsa phala la mowa, ndipo ng'ombe ilandira mphamvu yace. Momwemonso mphemvu ikadya gaga, pepala kapena tsamba louma, mabakiteriya aja aphwanya zolimbazo, nazisandutsa zinthu zimene thupi la mphemvu likhoza kumwa.

Pakati pa mabakiteriyawo pasambira kacirombo kena kokulirapo, ka ubweya thupi lonse, dzina lace Nyctotherus ovalis. M'kati mwa kacirombo aka mukhalanso tina tocepa koposa, timene tituruza mpweya woyaka moto, womwewo umene ng'ombe igeya ndi umene uphulika m'matope a m'dambo. Mulinso tinjoka toyera, tosapitirira mamilimita owerengeka, monga Leidynema ndi Hammerschmidtiella, timene tidya mabakiteriya monga mbuzi zidya msipu. Tinjoka iti sitikhala m'mimba mwa munthu. M'matumbo apakati mumapezeka Gregarina, kacirombo komamatira ku khungu la matumbo ndi kuyamwa cakudya ca mphemvu; tikacuruka, mphemvuyo ifooka. Mmodzi wa anthu oyamba kufotokoza za alendo ndi eni mudzi otere ndi Joseph Leidy wa ku Philadelphia, amene anasindikiza buku la zimenezi m'caka ca 1853.

Wothandiza wamkuru sakhala m'matumbo ai, koma m'mafuta oyera aja aturuka mukaponda mphemvu. Dzina lace ndi Blattabacterium, ndipo Mjeremani wina, Blochmann, anamuona m'caka ca 1887. Nchito yace ndi yodabwitsa. Mukapenya citosi ca nkhuku muona mbali ina yoyera. Umenewo ndi mkodzo wa nkhuku, umene thupi lataya. Mphemvu siitaya coyera cimeneci, koma icisunga m'mafuta ace monga mlimi asunga cimanga m'nkhokwe. Ikafika nthawi ya njala, pamene mphemvu iri kudya zopanda ndiwo, bakiteriya uja athandiza kusandutsa cosungidwaco kuti cikhalenso cakudya comanga thupi. Mai apatsira ana ace bakiteriya ameneyu m'dzira momwe. M'caka ca 1955 akatswiri awiri a ku America, Brooks ndi Richards, anadyetsa mphemvu mankhwala opha mabakiteriya. Ana amene zinabala anali opanda wothandizayo, ndipo anakhala ofooka ndi okula mocedwa kwambiri.

Koma tizirombo ta m'matumbo sitilowa m'dzira. Kamwana ka mphemvu kakaswa, kadya zitosi za zikuruzikuru, ndipo potero kalandira mbeu ya mudzi wace wa m'mimba. Ici ndi cifukwa cimodzi cimene mphemvu zikhalira m'magulu. M'caka ca 2015 akatswiri a ku North Carolina analera mphemvu zopanda mabakiteriya m'matumbo, napeza kuti zitosi zace sizinaitana ana a mphemvu monga zicitira zitosi za masiku onse. Atabwezera mabakiteriyawo, kuitanako kunabwerera. Ndiko kunena kuti pfungo loipa lija timva m'dengu lakale licokera kwa tizirombo ta m'matumbo, ndipo kwa mphemvu pfungolo ndi ng'oma yoitana anzace kuti, Bwerani, pano pali mudzi.

Ciswe ndi mbale wa mphemvu. Akatswiri a ku London anatsimikiza m'caka ca 2007 kuti ndi nthambi imodzi ya banja lomwelo. M'zaka za m'ma 1920 L. R. Cleveland wa ku America anacotsa tizirombo m'mimba mwa ciswe codya mitengo, ndipo ciswecho cinapitiriza kutafuna mtengo koma cinafa ndi njala. Ciswe cathu comanga zulu cinatenga njira ina: cilima bowa m'kati mwa culu kuti aciphwanyire udzu ndi mitengo, ndiye bowa uja timazula pa culu mvula ikagwa.

Pamenepa tiphunzirapo kuti mphemvu siiyenda yokha. Cifukwa ca othandiza ace, kanthu kakang'ono kamene ife tiyesa cabe, kotsalira pa mthiko kapena pansi pa mtondo, kakwanira kudyetsa banja lonse.

5. ALENDO OCOKERA KU CIMBUDZI

Munthu wodwala m'mimba akacita cimbudzi, aturutsa pamodzi ndi zonyansazo mbeu za nthenda yace. Njoka imodzi yaikazi ya m'mimba, ija yaitali yonga nyongolotsi, iikira mazira ngati 200,000 tsiku limodzi, ndipo mazirawo ali ndi cikamba colimba cowasunga amoyo m'nthaka kwa zaka. Kacirombo ka kamwazi nakonso katuruka kali m'cikamba cace. Pamodzi ndi izi paturuka mabakiteriya a kutsegula m'mimba, a taifodi ndi a kolera. Mphemvu ikadya zonyansazo, kapena dothi lodetsedwa nazo, zambiri mwa mbeu izi zipyola m'matumbo mwace zosafa, nizituruka m'zitosi.

Izi sizongoganizira, pakuti anthu anaziyesa. M'caka ca 1914 ku Manila, m'dziko la Philippines, M. A. Barber anadyetsa mphemvu zonyansa za odwala kolera, napeza mabakiteriya a kolera ali amoyo m'zitosi zao patapita masiku awiri kapena atatu. M'caka ca 1922 ku Accra, m'dziko la Gold Coast limene lero ndi Ghana, dotolo J. W. S. Macfie anacita cimodzimodzi ndi mazira a njoka za m'mimba ndi tizirombo ta kamwazi, ndipo anazipezanso m'zitosi za mphemvu. M'caka ca 1950 madotolo a ku Brussels, m'dziko la Belgium, analemba za nthenda ya kutsegula m'mimba imene inakanirira m'cipinda ca makanda m'cipatala cina. Anapatula odwala, nasamala zonse, koma makanda anadwalabe. Pambuyo pace kunaoneka kuti usiku mphemvu zinali kuyenda pa zofunda za makandawo, ndipo bakiteriya wa nthendayo, Salmonella, anapezeka mwa mphemvuzo. Atapha mphemvu, nthenda inaleka.

Tiyenera kusiyanitsa bwino mphemvu ndi udzudzu. Kawiri kawiri kacirombo ka malungo sikafika kwa munthu wina popanda udzudzu, pakuti kayenera kukulira m'thupi mwace. Nthenda za m'mimba siziri conco. Ziri ndi njira zambiri, ndipo zazikuru ndi madzi oipa, manja osasamba ndi nchenche. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023 unayenda makamaka ndi madzi odetsedwa ndi kusowa kwa zimbudzi zabwino. Mphemvu ndi wamtengatenga wongoonjezera. Koma kuopsya kwace kuli apa: nchenche igwira nchito usana, ife tiri kuona, ndipo tikhoza kuiingitsa, mphemvu igwira nchito yomweyo usiku, ife tiri m'tulo, pa cakudya cimene mwana adzadya mmawa cosaphikanso.

Pali cinanso. Zitosi za mphemvu ndi zikamba zimene ifundula zikauma zisanduka pfumbi, ndipo pfumbi limeneli liutsa cifuwa ca mphumu mwa anthu ena, makamaka ana ogona pansi pafupi ndi khoma.

6. CUKU

Cuku cimene cimera pa cimanga, pa mtedza ndi pa nsima yogonetsa ciri mtundu wa bowa, ndipo mbeu zace ndi pfumbi losalala lija licoka mukagwedeza citsononkho cobvunda. Akatswiri atapenya matumbo ndi miyendo ya mphemvu za m'nyumba, m'misika ndi m'zipatala za maiko ambiri, apezamo mbeu za cuku ca mitundu ya Aspergillus ndi Penicillium, ndiponso cotupitsa ca mtundu wa Candida, cija cicititsa zoyera m'kamwa mwa makanda.

Mtundu umodzi, Aspergillus flavus, wobiriwira monga msipu wofota, upanga ululu woononga ciwindi, dzina lace aflatoxin. Ululu uwu unadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo ngati 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil. Kuphika sikuuthetsa. Munthu wodya cimanga kapena mtedza wa cuku zaka zambiri akhoza kudwala nthenda yaikuru ya ciwindi, ndipo ana akula mopinimbira.

Tisanamizire mphemvu mlandu wonse, pakuti mbeu za cuku ziri kale m'nthaka ya m'munda, ndipo cimene cizimeretsa ndi cinyontho. Koma mphemvu izinyamula kucoka pa dzala kunka m'thumba labwino, ndipo ikonda cinyontho comweco cimene cuku cikonda. Potero mukaona mphemvu zacuruka pamene musunga dzinthu, dziwani kuti pamalopo panyowa, ndipo turutsani matumba padzuwa msanga.

7. MPHEMVU NDI NKHUKU

Ambiri akondwa poona nkhuku iri kutola mphemvu, nati yapeza ndiwo. Koma pali njoka zina zimene sizingopyola m'matumbo mwa mphemvu. Ziboola matumbowo, nizikulira m'thupi mwace, kudikira cinyama cimene cidzaidya.

Yodziwika bwino ndi njoka ya m'diso la nkhuku, Oxyspirura mansoni, yoyera ndi yoonda ngati ulusi, yotalika sentimita imodzi kapena awiri. Ikhala pansi pa kacikope koyera kamene nkhuku iphethira nako. Mazira ace atsika ndi misozi kulowa kukhosi, nkhuku niwameza, ndipo aturuka m'zitosi. Mphemvu ya m'nthaka ija, yokhala pansi pa khola, idya zitosizo, ndipo tinjoka tikula mwa iyo ngati masabata asanu ndi awiri. Nkhuku ina ikadya mphemvuyo, tinjokato tituruka m'cithokomiro, tikwera kukhosi, ndi kufika m'diso ora limodzi lisanathe. Ulendo umenewu anautulukira J. W. Fielding ku Australia m'caka ca 1926. Nkhuku yogwidwa ikanda maso ndi zala zace, ituruka misozi, zikope zitupa ndi kumatana, ndipo m'kati muunjikana zoyera zonga mafinya ouma. Ikacita khungu siikhozanso kutola cakudya, niyonda. Nthenda zotupitsa maso a nkhuku ziripo zinanso, cotero muonetse nkhukuyo kwa mlangizi wa ziweto musanaithire kanthu m'maso.

Makoswe nawonso ali ndi njoka yao ya minga ku mutu, Moniliformis, imene ikulira mwa mphemvu yaikuru ija. Khoswe adya mphemvu, mphemvu idya zitosi za khoswe, ndipo njokayo izungulira conco. Mwa kamodzi kamodzi yapezeka mwa ana aang'ono, pakuti mwana wokwawa aika m'kamwa ciri conse cimene watola. Nyumba ya makoswe ndi mphemvu pamodzi siiyenera mwana wokwawa.

8. ZOYENERA KUCITA

Mphemvu ifuna zinthu zitatu: cakudya, madzi ndi pobisala. Yaing'ono ija ikhoza kukhala mwezi wathunthu yosadya ngati iri kupeza madzi, koma ikasowa zonse ziwiri ifa m'masabata awiri. Imene muiona ndi kuiponda iri imodzi. Zambiri ziri m'ming'alu. Cifukwa cace nchito yathu ndi kuzimana zinthu zitatuzi, ndi kutseka njira ya pakati pa cimbudzi ndi mphika.

(1) Banja liri lonse likhale ndi cimbudzi cace, cotalikira mamita 30 kucokera pa citsime. Pa bowo pakhale cibvundikiro cokwana bwino, ca cogwirira cacitali, ndipo cibwezedwe nthawi zonse. Thirani phulusa m'dzenje kawiri kawiri, ndi kumata ming'alu ya pansi. Zonyansa za ana aang'ono zitayidwe m'cimbudzi momwemo, pakuti nazonso ziri ndi nthenda.

(2) Miphika, mbale, mthiko ndi cipande zitsukidwe usiku womwewo, zisagone ndi makoko. Ziumire pa thandala, ndipo mmawa zitsukuluzidwe musanaikemo cakudya.

(3) Mkute ndi ndiwo zotsala zibvundikiridwe ndi mbale yokwana, ndipo mmawa zitenthetsedwe pa moto kufikira zitaturutsa nthunzi, makamaka ngati adye ndi mwana.

(4) Mtsuko wa madzi akumwa ukhale wobvundikira, ndi cikho cace cotungira cokolekedwa pamwamba. Madzi otsukira mbale asatayidwe pa khomo kapena m'mbali mwa khoma.

(5) Matani ming'alu ya makoma ndi kuzira pansi kawiri kawiri. Kamwana ka mphemvu kalowa mu mng'alu wocepa ngati mpeni, cotero musanyoze waung'ono.

(6) Kamodzi pa sabata turutsani madengu, malicero, mphasa ndi mabokosi padzuwa, ndi kuwagugudira panja. Timatumba ta mazira tenthani pa moto. Pamene pali zitosi tsukani ndi madzi otentha ndi sopo kapena phulusa, kuti pfungo loitana zinzace lithe. Posesa wazani madzi pang'ono kuti pfumbi lisauluke.

(7) M'malo mwa dzala la kuseri kwa nyumba, kumbani dzenje la zinyalala capatali, ndi kukwirira ndi dothi pang'ono tsiku ndi tsiku. Zinyalalazo zidzasanduka manyowa a ku dimba.

(8) Nkhuku zisagone m'nyumba ya anthu. Khola lao likhale lokwezeka pa mitengo, ndipo zitosi za pansi pace zisesedwe sabata iri yonse ndi kukwiriridwa m'dzenje la manyowa.

(9) Cimanga ndi mtedza ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba. Matumba asakhudze dothi kapena khoma. Aikeni pa mitengo. Za cuku musadye, musaphikire mowa, ndiponso musapatse ziweto.

(10) Msampha wosagula ndi uwu: tengani botolo la pakamwa papakuru kapena citini, pakani mafuta m'kati mwa mlomo wace, ikanimo masese kapena khoko la nthoci, ndi kukulunga kansaru kunja kuti mphemvu zikwere. Zikagweramo sizikhoza kuturuka. Mmawa zithireni madzi owira ndi kuzikwirira, musapatse nkhuku.

(11) Mankhwala a thonje, a fodya kapena a mbeu zina za m'munda asalowe m'nyumba, pakuti apha anthu. Mukagula mankhwala a mphemvu, tsatani mau olembedwa pa cikuto cace, ndi kuwaika kutali ndi ana, cakudya ndi nkhuku. Kumbukirani kuti mankhwala opopera salowa m'kathumba ka mazira, ndiponso kuti mphemvu zazing'ono za m'maiko ambiri zinazolowera mankhwala, sizifanso nao. Mankhwala popanda ukhondo ndi kutaya ndarama.

9. MAU KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Inu eni mudzi, nchito iyi siitheka ndi nyumba imodzi. Mphemvu siidziwa malire. Cimbudzi cimodzi cosabvundikira cikwanira kudetsa miphika ya mabanja onse oyandikana naco, ndipo mwana wodwala akhoza kukhala wa mai amene asamala koposa onse. Akuru anati, cala cimodzi siciswa nsabwe.

Potero tikupemphani kuti muitane anthu anu pa bwalo, ndipo wina wodziwa kuwerenga awawerengere phunziro ili. Pambuyo pace pangananiko tsiku limodzi, mvula isanayambe, lakuti mudzi wonse umate makoma, useme zibvundikiro, ndi kukumba maenje a zinyalala. Anyamata athandize nkhalamba, amasiye ndi opunduka, amene sakhoza kukumba okha. Musaiwale zimbudzi za pa sukulu, pa msika ndi pa nyumba zopemphereramo, ndiponso malo ophikira pa maliro ndi pa ukwati, pamene cakudya cambiri cigona usiku. Pakatha mwezi, nyakwawa ayendere nyumba ndi nyumba kuona ngati zibvundikiro ziri m'malo mwace. Mfumu iyambe ndi pa khomo pace, kuti mau ace akhale ndi mphamvu.

10. MAFUNSO OFUNSANA PA BWALO

(1) Kodi eni mudzi a m'mimba mwa mphemvu aithandiza bwanji pa nthawi ya njala?

(2) Ndi makhalidwe atatu ati a mphemvu amene afikitsa zonyansa pa cakudya cathu?

(3) Cifukwa ninji tiyenera kutsuka zitosi za mphemvu, osati kupha mphemvu zokha?

(4) Fotokozani ulendo wa njoka ya m'diso kucokera mwa nkhuku imodzi kufika mwa inzace.

(5) M'mudzi mwanu muli zimbudzi zingati, ndipo mwa izo ziri ndi cibvundikiro ndi zingati?